Ndege yonyamuka 01:40 usiku: kodi tifike nthawi yanji ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka?

Amake Dalitso, Chilenje

Moni nonse akuluakulu ndi abale anga a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yatisiyanitsa maganizo ine ndi bambo a kunyumba kwathu, ndipo ndikupempha amene munayendapo pandege usiku kuti mutiunikire. Apongozi anga, omwe ali ndi zaka 68, akupita ku London kukaona mwana wawo wamkazi amene wachira mwezi wathawu, ndipo aka n'koyamba kuti iwo akwere ndege. Tikiti yawo ikusonyeza kuti anyamuka Loweruka nthawi ya 01:40, akasintha ndege ku Nairobi. Bambo akunena kuti usiku msewu umakhala woyera ndiponso pabwalo sipakhala anthu ambiri, choncho tikachoka panyumba 23:30 tifika bwino lomwe. Ine ndawerenga papepala limene mlamu wanga anatitumizira kuti munthu afike kutatsala maola atatu, koma bambo akuti zimenezo amalembera anthu a ndege zamasana. Mwezi uno wa June kukuzizira kwambiri, ndipo nanenso sindikufuna kuti munthu wamkulu akagwidwe ndi chisanu pabwalo popanda chifukwa. Kodi zoona zake n'ziti?

Bambo Tembo, Kabwata

Amake Dalitso, tisanafike pa za maola, ndiloleni ndiyambe ndi tsiku, chifukwa apa m'pamene ambiri amagwa. Ngati tikiti ikunena kuti Loweruka 01:40, ndiye kuti inu muchoka panyumba Lachisanu usiku. Ife pakamwa timati tsiku limayamba tikadzuka m'mawa, kotero usiku wonse timauwerengera ku tsiku limene lapita, koma patikiti tsiku limasintha wotchi ikangofika pa 00:00.

Ndikulemba izi mtima ukundiwawabe chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, amene anapeza malo a sukulu kunja zaka zingapo zapitazo. Tikiti yake inali ya Lamlungu pasanathe ola limodzi kuchokera pakati pa usiku. Tonse pabanja tinaiona tikitiyo, ine ndemwe ndinaigwira m'manja, ndipo tonse tinagwirizana kuti mnyamatayo anyamuka Lamlungu usiku. Tinapita naye kutchalitchi m'mawa, abusa anamupempherera, masana tinadya nkhuku, madzulo tinamuperekeza ndi magalimoto awiri. Mayi wa pakauntala anayang'ana pakompyuta, nayang'ananso mnyamatayo, kenaka anatembenuza tikiti ija n'kuloza tsiku ndi cholembera. Ndege inali itapita maola oposa 20 m'mbuyomo. Popeza sanaonekere pa ulendo wopita, ulendo wobwerera umene unali patikiti yomweyo nawonso unafafanizika, ndipo mlongo wanga anagulitsa ng'ombe ziwiri kumudzi kuti tigule tikiti ina. Chonde tengani tikitiyo tsopano lino, muone tsiku la mwezi, mufanizire ndi kalendala.

Amake Dalitso, Chilenje

Bambo Tembo, Mulungu akudalitseni. Ndayang'ana pakalendala ndipo thupi langa lachita kuzizira, pakuti ife tinali titaitana kale abale kuti adzatsanzikane ndi amayi Loweruka masana. Choposa apo, apongozi akadali ku Katete, ndipo tinapangana kuti akwere basi Lachisanu m'mawa kuti agone kuno usiku umodzi asananyamuke. Tsopano ndaona kuti usiku umene timati agone ndi womwewo umene ayenera kukhala ali pabwalo la ndege.

Bambo Sakala, Mtendere

Amayi, muwaimbire lero lomwe kuti abwere Lachitatu, kukakanika ndiye Lachinayi. Kuchokera ku Katete kufika kuno ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 500, ndipo mukudziwa nokha kuti lole imodzi ikangogona pamsewu m'mapiri a Manenekera kapena pafupi ndi mlatho wa Luangwa, mabasi onse amaima pamzere. Munthu wa zaka 68 asatsike basi pa Intercity madzulo miyendo itatupa n'kupitirira ku ndege usiku womwewo.

Mayi Zulu, Woodlands

Ndinagwira ntchito yogulitsa matikiti a ndege kwa zaka zambiri ndisanapume, choncho ndiloleni ndifotokoze motalikirapo. Amuna anu akuwerengera kuchokera pa 01:40, ndipo apa m'pamene pagona vuto, chifukwa 01:40 si nthawi ya wokwera ayi, ndi nthawi imene ndege imakhala itatseka zitseko n'kuyamba kusuntha. Nthawi ya wokwera ndi ija yotsekera check-in, ndiko kuti kulembetsa kotsimikiza kuti munthu akwera ndegeyo. Makampani ambiri amatseka kauntala ya maulendo akunja kutatsala mphindi 60, ena amafuna kuti munthu akhale atapereka katundu kutatsala mphindi 90, ndipo zimenezi zimalembedwa patikiti kapena pa webusaiti ya kampaniyo. Kwa apongozi anu, ndiye kuti 00:40 ndiwo malire enieni. Tanthauzo lake si lakuti afike pachipata cha bwalo 00:40, koma kuti pofika nthawi imeneyo akhale ataima kale pamzere, ataonetsa pasipoti, katundu atakwera pasikelo, boarding pass (chiphaso chokwerera ndege) ili m'manja.

Anthu amaona ngati wogwira ntchito pakauntala ndi wouma mtima akakana munthu amene wachedwa mphindi zisanu pamene ndege ikuoneka ili chiimire panja. Chimene chimachitika n'chakuti kauntala ikatseka, chiwerengero cha anthu ndi kulemera kwa katundu zimapita kwa amene amakonza chikalata chosonyeza mmene ndege yanyamulira, ndipo woyendetsa ndege sanyamuka asanachione ndi kuchivomereza. Masutikesi nawonso amayenera kuunikidwa ndi makina, kusanjidwa ndi kukwezedwa. Kuonjezera munthu mmodzi pambuyo pake ndiye kuyambiranso mawerengero onsewo, ndipo kompyuta yeniyeniyo imakhala itatseka.

Mukachoka pakauntala ulendo sunathe. Pali a Immigration amene amadinda pasipoti, pali pounikira zikwama zam'manja pamene munthu amavula lamba ndi jekete, kenaka kuyenda kukafika pachipata chokwerera. Kukwera kumayamba kutatsala mphindi 45 kapena kuposerapo, ndipo chipata chimatsekedwa kutatsala mphindi 15 kapena 20.

Tsono tiwerenge chobwerera m'mbuyo. Mukachoka ku Chilenje 23:30 n'kuyenda mphindi 45 popanda chovuta chilichonse, mufika 00:15. Kutsitsa katundu, kupeza ngolo yokankhira ndi kulowa mkati kudya mphindi 10. Mutsala ndi mphindi 15 zokha, muli ndi munthu wamkulu amene sanaonepo malowo, ndipo kutsogolo kwanu kuli mzere. Langizo langa ndi lakuti mukhale muli mkati mwa nyumba ya bwalo nthawi ya 22:40, chifukwa makauntala kawirikawiri amatsegulidwa kutatsala maola atatu, ndipo amene ali koyambirira kwa mzere ndiye amathandizidwa ogwira ntchito asanapanikizike.

Achimwene Mwale, Kamwala

Amayi Zulu, ndikulemekeza zaka zanu pantchitoyi, koma ndiloleni nditsutseko pang'ono. Ine ndimapita kukaoda katundu wa m'sitolo kangapo pachaka, ndipo nthawi zambiri ndimakwera ndege za usiku chifukwa ndizo zimagwirizana ndi ndege zina za m'mawa ku Nairobi ndi ku Addis Ababa. Sindinafikepo kutatsala maola atatu, ndipo ndege sinandisiyepo. Ndimachita check-in pafoni dzulo lake, ndimafika kutatsala maola awiri, ndipo pasanathe theka la ola ndimakhala ndadutsa zonse. Malamulo a maola atatu ankamveka m'nyumba yakale ija ya mu 1967, mmene anthu ankathithikana ngati pamsika wa Soweto. Kuyambira mu August 2021 maulendo akunja akudzera m'nyumba yatsopano imene anaimanga kuti izitha kulandira anthu 4 miliyoni pachaka, ndipo makauntala ndi ambiri. Komanso tiganizire za agogowo. Kuwakhazika pampando wachitsulo kuyambira 22:40 mpaka 01:00, m'mwezi wa June, ndi chilango kwa munthu amene anazolowera kugona dzuwa likangolowa.

Mayi Zulu, Woodlands

Achimwene, zimene mwanenazo n'zoona kwa inu, ndipo mukanakhala kuti mwafunsa ndinu, ndikanakuuzani kuti maola awiri akukwanani. Inu popita mumanyamula kachikwama kamodzi, mumadziwa khomo lililonse, ndipo pasipoti yanu yadzaza ndi zidindo. Apongozi a Amake Dalitso akupita ku Britain, ndipo ngakhale atachita check-in pafoni, ayenerabe kuima pakauntala kuti apereke masutikesi ndiponso kuti viza yawo ionedwe. Boma la Britain limalipiritsa kampani ya ndege chindapusa ikabweretsa munthu wopanda zikalata zoyenera, ndipo kampaniyo imasenzanso udindo womubweza. N'chifukwa chake wa pakauntala sathamangira pa nkhani ya viza. Masiku ano maviza ambiri a ku Britain ali pakompyuta, amene akuwatcha eVisa, ndipo nambala ya pasipoti ikasiyana ndi imene ili m'kaundula wawo, pamafunika kuimba mafoni ndi kudikira yankho. Zimenezi zimatheka bwinobwino nthawi ikakhalapo, koma sizitheka kutatsala mphindi 10.

Za kukula kwa nyumba ndikuvomereza, komatu nyumba ikakula sizitanthauza kuti makauntala onse amatsegulidwa. Kampani iliyonse imapatsidwa ochepa chabe, ndipo anthu onse a ndege imodzi amadzera pomwepo. Usiku ndege ziwiri zikayandikana nthawi, onsewo amakakumana pa Immigration.

Achimwene Mwale, Kamwala

Pa za viza ndagonja, amayi, sindinaziganizire. Ndikupemphabe kuti achite check-in pafoni, chifukwa imatsegulidwa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri malinga ndi kampani, ndipo akatero awasankhira agogowo mpando wa m'mbali mwa kanjira, kuti akafuna kupita kuchimbudzi asamavutike kudumpha anthu ogona.

Bambo Banda, Kaunda Square

Ine ndine woyendetsa takisi ndipo msewu wa ku bwalo ndimauyenda pafupifupi tsiku lililonse, choncho ndilankhulepo za msewu wokha. Kuchokera m'tauni kufika ku bwalo ndi makilomita pafupifupi 27. N'zoona kuti pakati pa sabata, ikakwana 23:00, Great East Road imakhala yoyera, koma inu mukuyenda Lachisanu, ndipo Lachisanu usiku ndi nkhani ina. Pa malo akuluakulu ogulitsira zinthu a Manda Hill, Arcades ndi East Park magalimoto amakhala akulowa ndi kutuluka mpaka usiku ndithu, ena mwa oyendetsawo atalawa, ndipo awiri akangogundana pang'ono amaima pakati pa msewu kudikira apolisi. Magetsi akazima maroboti nawonso amazima, ndipo pamphambano aliyense amadziona kuti ndiye woyamba. Kuchokera ku Chilenje ine ndingadzere ku Woodlands ndi Kabulonga, n'kutsika ndi Alick Nkhata, kukhota pa Kamloops, kukatulukira mu Great East Road pafupi ndi Munali. Mukatero mwazemba malo onse a phokoso aja, ndipo chatsala ndi kudutsa Chelstone mpaka pa raundabauti yokhotera ku bwalo.

Chimene ndimawauza makasitomala anga ndi ichi: usiku msewu ndi wachangu zinthu zikamayenda bwino, koma chinthu chimodzi chikalakwika palibe wokuthandizani. Masana tayala likaphulika, okonza matayala ali paliponse ndipo mutha kuimitsa galimoto ina. Nthawi ya 23:45 okonzawo anaweruka kale, maminibasi anasiya kuyenda, ndipo palibe amene amaimira munthu womubayibitsa mumdima. Chaka chatha ndinapeza banja lina litaima kupitirira Chelstone, bambo akuwalitsa ndi foni, mwana wawo atagwada pansi akulimbana ndi jeke, pamene tayala lapadera nalonso linali lopanda mpweya. Ndinanyamula mayi amene ankayendayo ndi masutikesi ake, enawo anatsala pomwepo osatsanzikana bwino, ndipo tinafika kutatsala mphindi zochepa kuti atseke.

Choncho ngati mukupita pa galimoto yanu, thirani mafuta masana ndipo muone mpweya wa tayala lapadera. Ngati mukudalira takisi zoitanitsa pafoni, dziwani kuti usiku oyendetsa ena amakana ulendo wa ku bwalo poopa kubwerera opanda munthu, ndipo mukhoza kutaya theka la ola mukungoitana wina ndi wina. Panganani ndi munthu amene mumamudziwa kukadali masana, ndipo mukhale ndi nambala ya wachiwiri.

Agogo Naphiri, Libala

Mwanawe Amake Dalitso, ine ndi amene ndinayendapo ulendo ngati wa apongozi akowo, pamene ndinapita kukalera chidzukulu changa, ndipo zimene zinandidyera nthawi sizinali msewu kapena viza koma katundu. Abale atamva kuti ndikupita, aliyense anabwera ndi kake: uyu ufa woyera, uyu kapenta, uyu mtedza, wina mfutso wa nkhwani, wina chitenje cha mwana. Sutikesi iliyonse inkaloledwa makilogalamu 23, koma itakwera pasikelo, imodzi inasonyeza 28. Mtsikana wa pakauntala anandiuza mwaulemu kuti ndichotsemo zina kapena ndilipire, ndipo ndalama imene anatchula inali yoposa mtengo wa zonse zimene zinali mkatimo. Ndinakokera sutikesiyo pambali, ndinagwada pansi, ndinamasula nsalu imene ndinamangira, n'kuyamba kutulutsa mapaketi mmodzimmodzi anthu akundidutsa. Thumba la kapenta linang'ambika pakona, ndipo ndinatola kapentayo ndi manja pasimenti yonyezimira ija. Ana amene anandiperekeza anali atabwerera kale poganiza kuti ndalowa, choncho ufa ndi mtedza ndinazisiya pomwepo popanda womupatsa. Ndinabwereranso kumapeto kwa mzere, ndipo chimene chinandipulumutsa n'chakuti ndinali nditafika molawirira.

Ndiye mverani izi. Muyeze masutikesi kunyumba, ngakhale pobwereka sikelo kwa ogulitsa chimanga, ndipo musiye mpata wa kilogalamu imodzi chifukwa masikelo amasiyana. Nyama youma musaikemo n'komwe, pakuti ku Britain saloleza munthu wochokera kuno kulowa ndi nyama kapena zamkaka. Operekeza musachoke pabwalo mpaka amayi atakuuzani kuti katundu walandiridwa, ndipo mubwere ndi thumba lopanda kanthu loti mubwezeremo zotsala. Mankhwala a BP akhale m'chikwama cham'manja pamodzi ndi kalata ya kuchipatala, koma mafuta odzola ndi zamadzimadzi zoposa mamililita 100 zipite m'sutikesi yaikulu, apo ayi akawalanda pounikira.

Chinanso, pemphero ndi kutsanzikana muchitiretu kunyumba. Ife tikayamba kugwirana chanza, kulangizana ndi kupereka moni wopita kwa aliyense wa kutsidyako, theka la ola limatha tili chiimire pamalo oimika magalimoto.

Mayi Lungu, Chelstone

Ndiwonjezere pa mawu a agogo monga namwino. Muimbire kampani ya ndege kutatsala masiku awiri, mupemphe njinga yokankha ya okalamba, ngakhale amayiwo amayenda okha. Salipiritsa, ndipo ubwino wake ndi wakuti pamakhala munthu wowatsogolera kuyambira pakauntala mpaka pakhomo la ndege, komanso wina wowalandira ku Nairobi, kumene ayenera kupeza chipata china m'bandakucha ali ndi tulo. Amene apempha thandizoli amakwezedwa m'ndege poyamba, ndiye ichinso ndi chifukwa china chofikira msanga. Za chisanu zimene Achimwene Mwale adandaula, muwaveke juzi, masokosi ndi mpango, agone pang'ono masana, ndipo adye nsima yawo cha m'ma 19:00, pakuti usiku simungadalire kuti mupeza chakudya chimene iwo anazolowera.

Atate ake Dalitso, Chilenje

Akuluakulu, ndine mwini wake wa maganizo a 23:30 aja, ndipo mayi a kunyumba andionetsa zonse zimene mwalemba. Ndinkaganizira za mayi anga kuti asavutike ndi kudikira, koma sindinawerengere kuti kauntala imatseka ndege isananyamuke, ndiponso za tsiku zija zinandiphonya ngati mmene zinaphonyera banja la Bambo Tembo. Ndawaimbira kale amayi ndipo akwera basi Lachitatu m'mawa. Abale tawauza kuti abwere Lachinayi madzulo. Lachisanu tichoka panyumba 21:45. Ndili ndi funso limodzi lotsala. Patikiti nthawi yofikira ku Nairobi ikuoneka ngati ulendowo ndi wautali kuposa mmene mlongo wanga anandiuzira. Kodi pali cholakwika?

Mayi Zulu, Woodlands

Palibe cholakwika, bambo. Nthawi iliyonse patikiti ndi ya malo amene yalembedwapo. Nairobi ili patsogolo pa Lusaka ndi ola limodzi, choncho muchotsepo ola limenelo kuti mupeze kutalika kwenikweni kwa ulendo. Muwauze amayi kuti akatsika ku Nairobi asadalire wotchi yawo yapamkono, chifukwa idzakhala ikutsalira ndi ola lathunthu, ndipo akhoza kukhala phee poganiza kuti nthawi ikadalipo pamene anzawo akukwera. Kuchokera ku Nairobi kupita ku London ndi maola pafupifupi 9, ndipo miyezi ino London ili m'mbuyo mwa Lusaka ndi ola limodzi. Mulembe papepala, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, nambala ya ndege yachiwiri, nambala ya foni ya mlongo wanu ndi adiresi ya kumene akafikire, muike pepalalo mkati mwa pasipoti.

Amake Dalitso, Chilenje

Abale anga, ndabweranso kudzakuuzani mmene tayendera usiku wathawu. Tinachoka 21:50, tinadzera njira imene Bambo Banda anatilozera, ndipo tinakumana ndi apolisi pamalo amodzi pamene tinaima mphindi ngati 10 akuona ziphaso za oyendetsa. Tinafika 22:40, ndipo makauntala anatsegulidwa patangopita kanthawi kochepa, apongozi ali wachisanu pamzere. Sutikesi imodzi inapitirira ndi kilogalamu imodzi ndi theka ngakhale tinayeza kunyumba, chifukwa azakhali ena anaikamo mtedza ife osaona, ndipo tinaubweza m'thumba lija Agogo Naphiri anatiuza. Pa viza ndi pamene panatenga nthawi. Mnyamata wa pakauntala anaitana mkulu wake, anayang'ana pakompyuta onse awiri, anaimba foni, ndipo panadutsa mphindi zoposa 20 asanatulutse boarding pass. Nthawi yonseyo apongozi anali atakhala panjinga ija atafunda mpango wawo, akufunsa mtsikana wowakankha kuti kwawo n'kuti, ndipo zinapezeka kuti ndi wa ku Petauke.

Analowa mkati 23:35. Ife tinadikirabe m'galimoto mpaka anatiimbira kuti akhala pachipata chokwerera, ndipo potuluka, nthawi ili cha m'ma 00:50, tinaona mnyamata wina akutsika takisi n'kuthamanga ndi sutikesi pamutu kulowera kukhomo. Bambo anachepetsa liwiro n'kumuyang'ana mpaka analowa, ndipo sanayankhule kanthu kufikira titadutsa Chelstone.

Mlamu wanga watumiza uthenga madzulo ano kuti amayi afika bwino ndipo mwana ali kale pamiyendo pawo. Tikiti yobwerera ndi ya mwezi wa September, ndipo ndamuuza mlamuyo kuti anditumizire chithunzi chake kuti ndione tsiku ndi nthawi ndi maso anga. Mayi Zulu, ndikachilandira ndidzakutumizirani kumbali kuti nanunso muchione.